Mawati sanenanso kanthu: mmene kayezedwe ka nyali za panja kanasinthira

Mukatsegula chikalata cha tenda yogulira nyali za mumsewu, kaya n'cha khonsolo, cha sukulu kapena cha fakitale, kawirikawiri mumapeza mzere wolembedwa chonchi: LED street light, 150W, full cutoff, IP65, 100,000 hours. Amene anaulemba amaona ngati wamanga wogulitsa manja ndi miyendo. Koma pa zinthu zinayi zimenezi, choyamba chikunena za magetsi amene nyaliyo imadya, osati kuwala kumene imapereka. Chachiwiri n'chochokera mu muyezo umene eni ake anausiya zaka zoposa khumi zapitazo. Chachitatu n'choona koma n'choperewera. Chachinayi nthawi zambiri chimakhala chongolemba pa katoni. Wogulitsa wochenjera angathe kukwaniritsa mzere wonsewo, n'kukubweretserani nyali yothobwa m'maso, younika zenera la kuchipinda kwa munthu m'malo mwa msewu, imene izime mvula yachiwiri isanathe.

Miyezo imeneyi si yathu. Yambiri imalembedwa ku America ndi bungwe la Illuminating Engineering Society, limene anthu amangoliti IES, lomwe linayamba mu 1906. Ina imachokera ku Ulaya ndi ku mabungwe a dziko lonse, monga CIE ya ku Vienna ndi IEC ya ku Geneva. Ife timakumana nayo pogula, chifukwa pafupifupi nyali iliyonse ya LED imene ili pamwamba pa pholo ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete inachokera kunja, ndipo mapepala obwera nayo amalankhula chinenero cha mabungwe amenewa.

Tigwirizane kaye pa mawu atatu. Lumeni ndi kuchuluka kwa kuwala konse kotuluka m'nyali, ngati madzi onse otuluka pampopi. Kandela ndi mphamvu ya kuwalako polowera mbali imodzi yokha. Lux ndi kuwala kumene kwafikadi pansi. Madigiri amawerengedwa kuyambira pansi pa nyali: 0 ndi kunsi kwake kwenikweni, 90 ndi chopingasa, 180 ndi kumwamba. Kuwala kogwira ntchito pamsewu kumatuluka pakati pa 0 ndi 70 kapena kupitirirako pang'ono. Kwa pakati pa 80 ndi 90 n'kumene kumalasa maso a dalaivala akadali kutali. Kopitirira 90 kumangopita kumitambo, mwalipira bilu younikira mileme.

Kwa zaka zambiri, a IES ankaika nyali za mumsewu m'magulu poyang'ana malo awiri okha, madigiri 80 ndi madigiri 90. Nyali ya gulu la cutoff inkaloledwa makandela osapitirira 100 pa madigiri 80, ndi 25 pa madigiri 90, pa malumeni 1,000 alionse a babu. Ya semicutoff inkaloledwa 200 ndi 50. Ya noncutoff inalibe malire. Gulu la full cutoff linabwera pambuyo pake, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990: makandela 100 omwewo pa madigiri 80, koma kuyambira pa 90 kupita m'mwamba pasatuluke kanthu. Anthu odandaula kuti sakuonanso nyenyezi anawakonda mawuwa, analowa m'malamulo a matauni ambiri ku America, ndipo kuchokera kumeneko akhala akukopedwa m'zikalata za tenda mpaka lero.

Vuto lagona pa mawu akuti "pa malumeni 1,000 alionse a babu". Babu la sodiyamu la mawati 70, lija lowala mwachikasu, limatulutsa malumeni pafupifupi 6,000, choncho nyali yake imaloledwa makandela 600 pa madigiri 80. Babu la mtundu womwewo la mawati 400 limatulutsa pafupifupi 50,000, ndiye nyali yake imaloledwa makandela 5,000. Zonse ziwiri zimatchedwa full cutoff, chonsecho ina ikulasa maso kasanu n'katatu kuposa inzake. Diso la dalaivala silidziwa za maperesenti. Kuwonjezera apo, muyezowu sunkafunsa kuti kuwalako kukulowera kuti. Nyali ikanatha kutayira theka la kuwala kwake kumbuyo, pabwalo la nyumba ya eni, n'kukhalabe m'gulu lapamwamba.

Chimene chinauthetseratu ndi LED. Kale labotale inkayeza babu lokha lili pamtetete, kenako n'kuliika m'chigoba n'kuyezanso, n'kulemba kuti chigobacho chimatulutsa gawo lakuti la kuwala kwa babu, tinene 75 peresenti. Njirayi inkatheka chifukwa babu la sodiyamu linkamasulidwa ngati chitsekerero cha botolo, ndipo silinkasintha kawalidwe kwenikweni kaya muli kutentha kapena ayi. LED ilibe babu lomasula. Timababu take tinamatidwa pa bolodi, bolodi linamatidwa ku chigoba cha aluminiyamu, ndipo kuwala kwake kumadalira kutentha: chigoba chikamalephera kutaya kutenthako, timababu timawala mochepa. Timababu tomwetomweto m'zigoba ziwiri zosiyana timapereka malumeni osiyana. Palibenso "malumeni a babu" ogawira. Munthu akalemba full cutoff pa nyali ya LED, amakhala akugawa ndi nambala imene kulibe.

N'chifukwa chake mu 2008 a IES anatulutsa LM-79, njira yoyezera nyali yonse mmene ilili, ndi driver yake yomwe (kachipangizo kamene kamasintha magetsi kuti ayenerere timababu), ndi galasi lake lomwe. Mpweya wa m'chipinda choyezera umakhala pa 25°C, wopanda mphepo. Nyali imaikidwa mmene idzakhalire pa pholo, n'kuisiya ikuyaka mpaka itakhazikika. M'kope la 2008 kukhazikikako kumatanthauza kuti mwawerenga katatu kapena kuposerapo pa mphindi 30, motalikirana mphindi 15, ndipo kusiyana kwake sikunafike 0.5 peresenti. Nyali yaikulu ya mumsewu imatha kutenga ola limodzi kapena awiri kuti ifike pamenepo, ndipo malumeni amakhala akutsika pang'onopang'ono nthawi yonseyo pamene chigoba chikutentha. Woyeza mothamanga, nyali itangoyaka kumene, amapeza nambala yokoma imene simudzaionanso pamsewu. Zipangizo zake n'ziwiri. China ndi mpira waukulu wopakidwa zoyera mkati, wotchedwa integrating sphere, umene umasonkhanitsa malumeni onse ndi mtundu wa kuwala. China ndi goniophotometer, pamene kalilole wamkulu amazungulira nyaliyo m'chipinda chamdima, n'kulemba makandela a mbali iliyonse. Muyezowu unakonzedwanso mu 2019, ndipo mnzake wa dziko lonse ndi CIE S 025 wa 2015.

Lipoti la LM-79 likabwera, musayambe ndi nambala ya malumeni. Yambani ndi nambala ya mtundu wa nyali, muone ngati ikufanana chilembo ndi chilembo ndi imene mukugula. Onani chithunzi. Onani mphamvu ya magetsi imene driver inkapatsa timababu, chifukwa chigoba chimodzi chimagulitsidwa pa mawati 60, 90 ndi 120, ndipo malumeni pa wati amatsika pamene mukuikakamiza. Onani mtundu wa kuwala, chifukwa lipoti la nyali ya 5000K, yoyera kwambiri, silingaimire ya 3000K, yowala mwachikasu pang'ono. Onani ngati labotaleyo ndi yovomerezeka pansi pa ISO/IEC 17025, muyezo wa malabotale oyeza zinthu, komanso ngati chilolezo chake chikutchuladi kuyeza kuwala. Chinyengo chofala kwambiri n'chakuti pa katoni amalemba malumeni a timababu tokha, otengedwa m'buku la opanga timababuto, amene ambiri amayeza pongothwanimitsa kamodzi pa 25°C. Galasi limadyako, driver imadyako, kutentha kumadyako. Timababu tolembedwa malumeni 200 pa wati, si zachilendo kuti nyali yonse ipereke 140 kapena 150.

Pamodzi ndi lipotilo pamabwera fayilo ya pakompyuta yothera ndi .ies, kapena .ldt ngati nyaliyo yadzera ku Ulaya. Imeneyi ndi imene injiniya amailowetsa mu pulogalamu ya DIALux kapena Relux kuti awerengere kutalikirana kwa mapolo. Fayilo ya .ies ndi malemba wamba, mutha kuitsegula ndi Notepad. Tsikani mpaka pa mzere wolembedwa TILT=NONE, muyang'ane mzere wotsatira. Nambala yoyamba ndi kuchuluka kwa mababu. Yachiwiri ndi malumeni a babu, ndipo pa nyali yoyezedwa yonse pamayenera kulembedwa -1. Mukapezapo 18000 kapena nambala ina yozungulira bwino chonchi, dziwani kuti pali mwayi woti wina angathe kusintha nambalayo kuti kuwala kukule pakompyuta pokha. Yachitatu ndi yochulukitsira makandela. Ikakhala 1, manambalawo ndi amene anayezedwa. Ikakhala 1.35, mwina fayiloyo yachokera ku nyali ina yaing'ono, angoifufumitsa. Makampani odalirika nawonso amachita zimenezi pa nyali za banja limodzi, si mlandu pakokha, koma muyenera kufunsa kuti imene inalowadi m'labotale ndi iti.

M'malo mwa cutoff munabwera TM-15, chikalata cha IES cha 2007. Chimagawa malo ozungulira nyali m'zigawo khumi. Kutsogolo, mbali ya msewu, kuli zinayi: madigiri 0 mpaka 30, 30 mpaka 60, 60 mpaka 80, ndi 80 mpaka 90. Kumbuyo kuli zinayi zofanana nazo. Kumwamba kuli ziwiri, 90 mpaka 100 ndi 100 mpaka 180. M'chigawo chilichonse amawerenga malumeni enieni, osati peresenti. Mu 2009 anawonjezerapo zilembo zitatu, BUG, ndipo malire ake anakonzedwanso mu 2011. B ndi kuwala kobwerera kumbuyo, U ndi kopita kumwamba, G ndi kothobwa m'maso. Chilembo chilichonse chimalandira nambala kuyambira 0 mpaka 5, ndiye pa pepala la nyali mumaona B2-U0-G2.

Malire a U ndi osavuta kuloweza: U0 ndi ziro weniweni, U1 ndi malumeni 10 m'chigawo chilichonse cha kumwamba, U2 ndi 50, U3 ndi 500, U4 ndi 1,000. Kuti nyali ikhale B1, chigawo cha kumbuyo cha 30 mpaka 60 chisapitirire malumeni 1,000, ndipo cha pansi pake ndi cha pamwamba pake zisapitirire 500 chilichonse. G amayang'ana zigawo za 60 mpaka 80 ndi 80 mpaka 90, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Lamulo lake n'lakuti chigawo choipitsitsa ndicho chimapereka dzina. Nyali ikhale ndi malumeni 1,700 kutsogolo pa 60 mpaka 80, amene ali mkati mwa malire a G1 a 1,800, koma pa 80 mpaka 90 ikhale ndi 130 pamene G1 imalola 100: yonseyo yagwera ku G2. Mu 2011 a IES pamodzi ndi International Dark-Sky Association analumikiza manambalawa ndi madera asanu, LZ0 mpaka LZ4, kuti malo amdima ngati pakati pa Nyika aloledwe nyali zochepa mphamvu, pamene pakatikati pa mzinda wosagona pakuloledwa zowala kwambiri.

Ine ndimaona kuti BUG ndi yabwino kuposa cutoff, koma anthu ayamba kuipembedza ngati mmene ankachitira ndi inzake ija. Nambala yotsika sikutanthauza nyali yabwino. Tochi ya m'thumba ingapeze B0-U0-G0, koma msewu singauunike. Popeza imawerenga malumeni enieni, nyali yaikulu ya pamsewu wa magalimoto ambiri imapeza G3 ngakhale itapangidwa mwaluso, pamene tinyali tiwiri tating'ono pa pholo limodzi timapeza G1 kalikonse, ngakhale kuti diso likulandira zofanana. Ndipo B0 si ya paliponse. Inaganiziridwa malo amene mpanda wa mnzako uli pafupi ndi pholo. M'misewu yathu, kumbuyo kwa pholo n'kumene kumayenda anthu apansi, akabaza ndi amayi ogulitsa tomato. Mukadula kuwala konse kwa kumbuyo, phula limawala bwino, koma munthu amene akufuna kuwoloka amatulukira mumdima ngati mzukwa. B2 pamalo otere ndi chisankho chanzeru, osati kulephera.

Chinanso, manambala onsewa amayezedwa nyali itapenya pansi, galasi lili chopingasa. Mkono wa pholo ukakhala wokwezeka ndi madigiri 15, monga mmene ilili mikono yambiri yakale imene inapangidwira nyali za sodiyamu, zigawo zonse zimasuntha. Kuwala kwa pa 75 kwapita pa 90, kwa pa 85 kwapita kumwamba, U0 ija yatha. Nyali zabwino zimakhala ndi polumikizira posinthika, pokhala ndi timizere ta madigiri 5, kuti womangirira abwezeretse mutu pa ziro. Kawirikawiri palibe amene amamuuza, ndipo iye amaukweza dala poganiza kuti uunika patali. Nyali za sola zimene panelo inamatidwa pamsana pa mutu zili ndi vuto losathetseka. Kuno kwathu, kumwera kwa equator, panelo imafuna kupendekera kumpoto ndi madigiri 15 kapena kuyandikira pamenepo, kuti ilandire dzuwa komanso kuti mvula izitsuka fumbi. Mutu wa nyali umafuna kukhala pa ziro, utaloza msewu. Msewu nawo umalowera kumene ukufuna. Zitatuzi sizingagwirizane pa chitsulo chimodzi, n'chifukwa chake pamsewu weniweni panelo yapayokha ndiyo yoyenera.

Ku Ulaya anadzera njira ina. Muyezo wawo wa misewu, EN 13201, umayamba ndi msewu osati nyali. Kope la 2015 lili ndi magulu a M1 mpaka M6 a misewu ya magalimoto, C ya pamphambano ndi pa raundabauti, ndi P ya oyenda pansi. Mwachitsanzo P4 imafuna avereji ya lux 5, ndipo malo amdima koposa asatsike pansi pa lux 1. Kuthobwa m'maso amakuwerengera pamsewu pomwepo, kuchokera pamene pali diso la dalaivala. Magulu a nyali aliponso, ndipo pa iwo pali kanyenyezi kamene ambiri sakaona. Mu 2003 ankalembedwa G1 mpaka G6, potengera malumeni a babu. Mu 2015 anasanduka G*1 mpaka G*6, potengera malumeni otuluka m'nyali yonse. Malire ake sanasinthe, koma chogawira chinasintha. Nyali yakale yotulutsa 75 peresenti ya kuwala kwa babu, imene inali ndi makandela 80 pa madigiri 80 pa malumeni 1,000 alionse a babu, inkalowa bwinobwino pansi pa malire a 100. Mukagawa 80 ndi 0.75 mupeza 107, ndiye nyali yomweyo, osaikhudza n'komwe, yatsika gulu. Dziwaninso kuti kwa Azungu a ku Ulaya G*6 ndiyo yokhwima koposa, pamene mu BUG yokhwima ndi G0. Chikalata chongolemba "G3" osanena kuti ya ndani chikuitana mkangano pa tsiku lolandira katundu. Sankhani banja limodzi la miyezo, kaya la IES, la EN ndi CIE, kapena SANS 10098 ya ku South Africa, n'kukhala momwemo.

Tsopano maola 100,000 aja. Nyali yoyaka maola 12 usiku uliwonse imayaka maola 4,380 pachaka, choncho 100,000 ndi zaka pafupifupi 23. Palibe amene anadikira zaka zimenezo. Chimene chimachitika n'chakuti opanga timababu amatiyatsa m'mauvuni motsatira LM-80, kwa maola osachepera 6,000, akuyeza pa maola 1,000 alionse. Kope la 2008 linkafuna kutentha kutatu: 55°C, 85°C ndi kwina kosankha okha. Manambalawo amalowetsedwa m'samu za TM-21, ya 2011, zimene zimalosera tsiku limene kuwala kudzatsike kufika pa 70 peresenti, kumene amati L70. TM-21 inabwera ndi chingwe chomangira olosera: simuloledwa kulonjeza kupitirira kasanu n'kamodzi nthawi imene munayeza, ndipo zimenezo ngati munayeza timababu 20 kapena kuposerapo. Tikakhala 10 mpaka 19, muchulukitse ndi 5.5. Woyeza maola 6,000 angalonjeze 36,000 basi, zaka zisanu ndi zitatu, ndipo amalemba L70(6k) > 36,000. Wofuna kulemba 100,000 ayenera kuonetsa maola oyeza pafupifupi 16,700, zaka ziwiri kutsala pang'ono. Malipoti otere alipo. Funsani kuti muwaone.

Ngakhale lipotilo litakhalapo, likunena za timababu m'uvuni, osati m'nyali yanu. Cholumikiza ziwirizi ndi kuyeza kwina kotchedwa ISTMT: amamata kawaya koyezera kutentha pambali pa kababu kotentha koposa, kawirikawiri ka pakati pa bolodi, nyali ili yotseka, n'kuona kuti kafika pati. Kakafika 92°C pamene LM-80 inathera pa 85°C, lonjezo lija silikukhudzani. Onaninso chilembo cha Ta pa chikwangwani cha nyali, chimene chimanena kutentha kwa kunja kumene inapangidwira. Pakapanda kulembedwa kanthu, muyezo wa IEC umatenga 25°C. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala masana amapitirira 40°C, chigoba chakuda chili padzuwa chimatentha kuposa pamenepo, ndipo chimayaka madzulo chisanazizire.

Komanso si timababu timene timayamba kufa. Imayamba ndi driver, makamaka makapasita ake, amene moyo wawo umatsika ndi theka kutentha kukakwera ndi 10°C. LM-80 siidziwa driver. Siidziwanso galasi la pulasitiki limene limachita chikasu padzuwa. Kuyambira cha m'ma 2021, m'mizinda yambiri ya ku America ndi Canada nyali za mumsewu zinayamba kuwala mwapepo, chifukwa kansalu ka phosphor kamene kamasandutsa kuwala kwa buluu kukhala koyera kanali kumatuka. Malumeni okha sakanachenjeza za zimenezo. Choncho pofunsa L70, funsaninso moyo wa driver pa kutentha kwake kwenikweni, komanso ngati ingasinthidwe ndi sikuludiraiva pamwamba pa pholo popanda kutsitsa nyali yonse.

IP65 njoona koma njoperewera, tinatero. Nambala 6 ikutanthauza kuti fumbi sililowa. Nambala 5 ndi madzi opopera ndi paipi ya kukamwa kwa mamilimita 6.3, malita 12.5 pa mphindi. IP66 ndi paipi ya mamilimita 12.5, malita 100 pa mphindi. IP67 ndi kumiza m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, ndipo siiphatikiza yokha mayeso a kupopera aja, n'chifukwa chake zinthu zina zimalembedwa IP66/IP67. Chofunika kufunsa n'chakuti anayeza motsatira chikalata chiti. IEC 60529 ndi ya mabokosi onse. IEC 60598-1 ndi ya nyali, ndipo imafuna kuti nyali iyake mpaka itenthe, izimitsidwe, pomwepo ithiridwe madzi, mphindi 15 pa nambala 5. Pa fumbi n'chimodzimodzi, imazimitsidwa n'kuzizira maola atatu m'bokosi la ufa wa talc wouluka. Chifukwa chake n'chakuti nyali imapuma. Ikatentha mpweya wa mkati umatuluka, ikamazizira imakoka, ndipo imakoka chilichonse chimene chili pa mphira wotsekera. N'zimene zimachitika mvula ya m'bandakucha ikagwa pa nyali imene yayaka usiku wonse. Nyali zopangidwa bwino zimakhala ndi kabowo kopumira kotchingidwa ndi kansalu kolola mpweya koma kokana madzi. Zopanda kabowoka zimadzaza nthunzi mkati mwa galasi pang'onopang'ono.

Zambiri zimawonongeka pa tsiku lomangirira. Chingwe chaching'ono m'gland (polowera chingwe) yaikulu, mphira wopanidwa ndi chivindikiro, bawuti imodzi yoiwalika: IP66 ya ku labotale yasanduka chisa cha nyerere. Kunyanja, nkhungu zikatuluka zimamatirira pa galasi ndi m'mipata ya chigoba yotayira kutentha, ndipo ngumbi zimachita zomwezo mvula zoyamba. Chigoba cha msana wosalala chimatsukika chokha, cha mipata yakuya chimafuna munthu ndi makwerero. Za miyala ndi malegeni muyezo wake ndi IK: IK08 ndi chitsulo cha makilogalamu 1.7 chogwa kuchokera pa masentimita 30, IK10 ndi cha makilogalamu 5 kuchokera pa masentimita 40. Za mphenzi, kope la 2009 la muyezo wamba wa IEC 61547 linkangofuna 1 kV pakati pa mawaya ndi 2 kV kupita ku earth, zimene n'zochepa pa mawaya oyenda m'mwamba nthawi ya dzinja. Pamafunika kachipangizo kotchinjiriza ka 10 kV, kosinthika pakokha. Koma kameneka sikagwira ntchito mokwanira ngati waya wa earth anadulidwa ndi akuba kopa, ndipo sikateteza neutral ikaduka, pamene 230 V imatha kukwera kuyandikira 400 V n'kupsereza madiraiva a mzere wonse usiku umodzi.

Mtundu wa kuwala sunalowe mu BUG, koma malamulo akuutsatira. Mzinda wa Davis ku California unaika nyali za 4000K mu 2014, anthu anadandaula, n'kusintha za m'malo okhala anthu kuika za 2700K. Mu 2016 American Medical Association inalangiza 3000K kapena kutsika. Lamulo la France la pa 27 Disembala 2018 linaika 3000K ngati malire a nyali za m'misewu, ndipo linati kuwala kopita kumwamba kukhale pansi pa 1 peresenti pa pepala ndi pansi pa 4 peresenti nyali itamangiriridwa. Onani kuti iwo anaganizira za mkono wokwezeka uja. M'misika yathu mwadzaza za 6500K, zoyera mopita ku buluu, chifukwa m'sitolo zimaoneka zowala kwambiri. Ndi zomwezo zimene zimaitana tizilombo tochuluka.

Pa nyali za sola mawati anafika pongokhala dzina. Tengani yolembedwa 300W, mutsegule kumbuyo. Tinene kuti mwapeza batire la 3.2 V ndi 20 Ah. Chulukitsani: 64 Wh. Itati iyakedi pa mawati 300, ingathe mphindi 13. Kuti ifike m'mawa, maola 12, iyenera kudya mawati 5 okha, amene ndi malumeni 750 ngati timababu tili tabwino. Panelo ya masentimita 60 kwa 30 singapitirire mawati 40 ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Nyalizi zimabisa zimenezi powala kwambiri ola loyamba, kenako n'kudzichepetsa, n'kumadzuka munthu akadutsa. Pakhomo zilibe vuto. Pamsewu wa magalimoto, nyali yodikira kuti ione kaye galimoto ndiye iwale yachedwa kale.

Mzere wa tenda uja ukanalembedwa motere: gulu la msewu, tinene P4 kapena M4, pa mapolo a kutalika kwakuti, motalikirana mamita akuti, malumeni a nyali yonse ndi malumeni pa wati, ochokera mu lipoti la LM-79 kapena CIE S 025 la nyali yomweyo, fayilo ya .ies, U0 pa madigiri omangirira, 3000K, L70 ya TM-21 pamodzi ndi ISTMT, Ta yosachepera 40°C, IP66 ya IEC 60598, IK08, 10 kV. Mawati abwere pomaliza, ngati malire a bilu.

Kenako muyeze pamsewu musanalipire ndalama zomaliza. Sankhani mpata pakati pa mapolo awiri, usiku wopanda mwezi, msewu uli wouma. Ngati mapolo atalikirana mamita 30 kapena kucheperapo, gawani mpatawo m'malo khumi m'litali, ndi mizere yosachepera itatu m'lifupi, mulembe ndi choko. Kachipangizo koyezera lux kagone pansi chopenya kumwamba, woyeza aime patali kuti chithunzithunzi chake kapena malaya ake oyera asasokoneze, ndipo galimoto ikamabwera mudikire idutse. Foni si choyezera. Lembani voteji ya nthawiyo. Nyali yatsopano iyenera kupitirira mlingo, chifukwa injiniya anawerengera kale kutha ndi fumbi: ngati anawerengera kuti kuwala kudzatsala 0.8 ya kwa poyamba, msewu wa P4 usonyeze avereji ya lux 6.25 pa tsiku loyamba, osati 5. Gawani nambala yotsikitsitsa ndi avereji kuti muone ngati pakati pa mapolo pali dzenje la mdima. Ngati ndi za sola, muyeze kawiri, 7 koloko madzulo ndi 4 koloko m'mawa, ndipo ulendo wa m'mawawo ukhale pambuyo pa masiku awiri a mitambo, mu Januwale kapena nthawi ya chiperoni.